Geresomo ndi Kompyuta Yomeza Sopulano

Ku Bangula, kwaya ikafuna kujambulitsa nyimbo inkalozeredwa kwa Geresomo Nyakamera, kuseri kwa msika. Anali mwana wa msodzi wa ku Chiromo, koma mwini wake madzi ankawaopa. Chimene Mulungu anamuninkha ndi khutu. Anthu aimbe ngakhale tchalitchi chodzaza, iye ankaloza chala amene waphonya mawu, osatembenuka n'komwe.

Kompyuta yake inali yakale, yochoka kwa kalaliki wina wa ku esiteti ya nzimbe. Akaiyatsa inkayamba yamufunsa mbali yolowera, Windows kapena Ubuntu. Ku Windows ankajambulira ndi kusakaniza nyimbo. Ku Ubuntu ankasungirako ntchito zomalizidwa, poti mafulashi a makasitomala ankabwera ndi mavairasi ndipo mbali imeneyo sankaikhudza.

Chaka chimene madzi anasefukira, Geresomo anaisenza pamutu kompyutayo mpaka kumsasa wa pasukulu. Iyo inapulumuka. Iye ndiye anagwidwa ndi malungo aakulu, nagonekedwa m'chipatala mpaka abale anayamba kunong'onezana panja. Koma anadzuka, wowonda ngati bango, n'kubwerera pa ntchito yake.

Oyamba kubwera anali amayi a kwaya ya kwa Malemia. Atawajambula n'kukhala pansi kumvetsera, anakwinya nkhope. Besi inalipo, alito analipo, koma sopulano ankamveka ngati akuimbira mumtsuko.

Anaganizira dalaivala, kapulogalamu kamene kamagwirizanitsa kompyuta ndi chipangizo chotulutsa mawu. Anakachotsa n'kuika katsopano, sizinasinthe. Anabwezeretsa kakale, sikirini inangoti buluu yonse, makina n'kuzima. Atapsa mtima anafomata mbali ya Windows, kufufuta zonse n'kuiikanso mwatsopano, ndipo poyatsanso anapeza funso losankha mbali lija lasowa, Ubuntu osaonekanso. Thukuta linamutsika poganizira nyimbo za eni ake zimene zinali mmenemo. Analimbana nazo ndi fulashi mpaka funsolo linabwerera, nalowa ku Ubuntu, n'kutsegula nyimbo imene anaijambula kale madzi asanabwere. Sopulano analibe mphamvu komwekonso.

“Ndiye si dalaivala,” anadziuza yekha. “Mbali zonse ziwiri sizingadwale nthenda imodzi. Chafa ndi chitsulo.”

Anamasula bokosi la kompyutayo, nachotsa fumbi ndi matope ouma pa fani. Anakwera basi mpaka ku Blantyre kukatenga kachipangizo kena ka mawu kolowetsa pa USB. Anabwereka masipika a kutchalitchi, anasintha mawaya, anayesa mahedifoni. Zonse zinkameza sopulano mofanana. Pamapeto anangokweza mawu okwera aja mpaka khutu lake litakhutira, n'kupereka ntchito.

Mayi Clotilda, mtsogoleri wa kwaya ya kwa Malemia ija, anabwerera ndi fulashi m'manja.

“A Nyakamera, ife sitiimba chonchi ayi. Zikungolira ngati nyenje, mpaka mano kuyabwa.”

“Wailesi yanu ndiyo yotha, mayi,” anayankha mokalipa. Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali, nachoka.

Tsiku lina masana, dzuwa la Okutobala likuwotcha malata, mkazi wake Esinala anamugwira paphewa. Geresomo anadzidzimuka.

“Bambo a Pius, ndakhala ndikukuitanani pakhomopa. Tsitsaniko, phokoso lafika mpaka kumsika.”

“Phokoso lanji? Zikumveka pang'onopang'ono izi.”

Esinala anazimitsa masipika, namukoka dzanja mpaka pansi pa mtengo wa nimu.

“Nyenjezi mukuzimva?”

Geresomo anatchera khutu. Anamva injini ya chigayo patali, anamva ng'ombe ikulira. Mumtengomo munali zii. Iye ankangoti chaka chimenecho nyenje sizinabwere.

“Zilipo?” anafunsa motsitsa.

“Zikuboola mutu,” anatero Esinala, n'kuphimba kumaso ndi chitenje.

Kuchipatala anamuuza kuti matenda aja anaononga mitsempha ya m'makutu, kuti mawu okwera amene anasiya kuwamva sadzawamvanso, ndipo mwina otsalawo adzatsatira. Geresomo anafunsa ngati pali chosintha n'kuikapo china. Dokotala anapukusa mutu.

Anayesa kubwereka makutu a Esinala. Ankamukhazika pampando n'kumamufunsa ngati sopulano wakwana, koma mkaziyo, pomumvera chisoni, chilichonse ankati chili bwino. Makwaya anayamba kukajambulitsa ku Nchalo. Kutchalitchi anasiya yekha kutsogolera, Lamulungu lina atayambitsa nyimbo n'kuona anthu akuyang'anana.

Lero Geresomo amataipa mapulogalamu a maliro ndi makhadi a ukwati pa kompyuta yomweyo. Pulintala nayo imavuta, ndipo amaikonza moleza mtima. Kasitomala akalowa, iye amamupempha aime poyera, kenaka amayang'anitsitsa milomo yake.