Limu la pa Bulugamu

Mwaswera bwanji nonse.

Mwana wanga Tadala anafika m'mawa uno, koma wapita kale. Kochi wawo wa basiketibo wasamukira ku koleji ina ku Lilongwe, ndiye akuti akumutenga kuti azikasewera komweko. Anangobwera kudzatenga zikalata zake za sukulu. Sanandifunse maganizo, wangondiuza.

Ine ndinali nditakumba kale kachewere poganiza kuti akhala mpaka Lamulungu. Pofika 2 koloko n'kuti nditamukweza minibasi pa Nsipe.

Chandiwawa ndi limu lija la pamtengo wa bulugamu. Mukulikumbukira, la njinga imene malemu bambo ankayendera nthawi ya atsamunda, lomwe ndinachotsa masipoko n'kulikhomera kuti mwanayu aziponyamo mpira. Dzulo ndinasesa pansi pake, mpira n'kuupopa. Iye wadutsa pomwepo kawiri ali pafoni ndi kochiyo, osayang'ana n'komwe m'mwamba.

Nditabwerako ndinayesa kuponya ndekha. Ndaphonya katatu, wonditolera mpira panalibe.

Amalume ake, inu anakuuzani zosamukazi? Nanga enanu mukuti bwanji, limuli ndilichotse kapena lidikirebe?