Bambo a Tadala apepesa lero

Mwaswera bwanji nonse.

Lero kusekondale kuno ku Mkanda anaitana makolo ku tsiku la sayansi. Ana a Fomu 4 amafotokoza za DNA pogwiritsa ntchito nyemba zofiira ndi zoyera. Anati mwana amabadwa wachialubino akatengera kwa mayi ndi bambo omwe.

Mukudziwa kuti chibadwire Tadala wathu, bambo ake akhala akunena kuti si wawo poti ndi wachialubino. Ndinangoona bambo akewo akweza dzanja n'kufunsa.

"Ngakhale makolo onse ali akuda?"

Mtsikana wina anayankha, "Inde bambo, zimabisala m'magazi."

Pobwerera bambo a Tadala anaimitsa njinga pakati pa njira n'kuti, "Mayi a Tadala, ndinakulakwirani." Ine misozi inangotsika.

Ndikuthokoza Mulungu ndi ana amenewa. Bambowo akufuna Loweruka adzapepesenso kwa amalume. Mukuti bwanji, abwere?