Kalata Yomwe Ndinabweza ku Joni

Kiyi wa bokosi la makalata la mpingo wathu sanandipatse chifukwa cha maphunziro. Ndinkagulitsa nandolo pamsika wa Ulongwe katatu pa sabata, ndipo positi inali pafupi. Akulu a mpingo anangoti, "Inu mumapita kale komweko, muzititengera." Ndinamangirira kiyiyo pachingwe n'kumavala m'khosi, mkati mwa bulauzi. Zaka zimenezo mafoni anali asanalowe m'thumba la aliyense. Amene anali ndi mwana ku Joni kapena mchemwali ku Ulaya ankadikira pepala.

Kachitidwe kathu kanali kotere. Lamulungu mapemphero akatha, ndinkaima kutsogolo n'kumaitana mayina olembedwa pa maenvelopu, mwini wake n'kukweza dzanja. Kalata yosowa mwini ndinkaiitana masabata anayi. Akapanda kupezeka, ndinkaibweza ku positi. Podikira Lamulungu, makalatawo ndinkawapana pakati pa buku langa la Malemba kuti asakwinyike, ndipo bukulo silinkachoka m'chikwama changa.

Pamsika ndinkayala moyandikana ndi mayi wina wachisilamu wa m'mudzi wa kutsidya kwa msewu, wogulitsa tomato ndi anyezi. Tonse tinkawatchula kuti amake mapasa, poti anali ndi ana aakazi awiri obadwa tsiku limodzi. Amuna awo anali mkamwini wochokera ku Ntaja. Anapita ku Joni anawo akukwawa, ndipo miyezi yoyamba ankatumiza mawu kudzera mwa anthu obwera pa basi. Kenaka kunangoti zii. Chaka chinatha, china n'kufika pakati.

Anali mayi wanthabwala. Akandiona ndikuchokera ku positi ankafuula anthu onse akumva.

"Achemwali, m'kabokosi kanu kaja simunapezemo mwamuna wanga atapindidwa?"

"Iyayi anzanga, kabokosiko n'kakang'ono. Ndi mutu uja sangakwanemo."

"Musaunyoze mutu umenewo, ndi womwe ndinaukondera."

Tinkaseka mpaka ogula kutidabwa. Koma tsiku lina, ogula atachepa, anandiuza motsitsa mawu kuti amjomba awo, mchimwene wa mayi awo amene ankayang'anira mbumba, atopa nazo. Analamula kuti mwezi wosala wa Ramadani ukatha popanda mawu ochokera ku Joni, apita kwa shehe kukathetsa ukwati. Panali kale bambo wina wogula chimanga, wa akazi awiri, amene ankafunsa za iwo.

"Akuti ndakwatiwa ndi mphepo," anatero akupukuta tomato ndi nsonga ya chitenje. "Ine sindikufuna wina, achemwali. Koma ndiyankha chiyani? Ndilibe ngakhale kapepala koti ndiwaonetse."

Ndinawauza kuti ndiziwapempherera. Anati nawonso akupempha, ndipo Mulungu asankhe yekha pemphero lomwe lifike msanga.

Kunena zoona, masiku omwewo m'chikwama changa munali kalata. Inafika nyengo yozizira, titangokolola. Inali ndi masitampa a ku Joni, nambala ya bokosi lathu yolembedwa bwino, ndi dzina la mkazi lomwe ndinali ndisanalimvepo. Ndinaliitana Lamulungu loyamba, palibe anakweza dzanja. Lamulungu lachiwiri chimodzimodzi. Lamulungu lachitatu bambo wina kumbuyo anati, "Mwina ndi mngelo ameneyo, sanalembetse mumpingo," anthu n'kuseka. Lamulungu lachinayi ndinaliitana kawiri, pang'onopang'ono, ndikuyang'ana kumbali ya amayi. Sabata zonsezo chikwamacho chinkakhala pansi, pakati pa nandolo wanga ndi tomato wa amake mapasa. Nthawi zina ankachitsamira akatopa.

Lachiwiri lotsatira ndinapita nayo ku positi. Wogwira ntchito kumeneko anali bambo wa imvi, wovala magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi.

"Amayi, mwaitana mokwanira?"

"Kanayi, bambo. Mpingo wonse wamva."

Anaitembenuza, naona kuti wotumiza analemba keyala yake kumbuyo. Anamenya chidindo, analemba mawu angapo, n'kuiponya m'thumba lalikulu lomwe linali pakona.

"Ibwerera komwe inachokera," anatero.

"Ikafika zoona? Kutali konseko?"

"Inabwera bwanji?"

Ndinatuluka mtima uli m'malo, poti ndinali nditachita zonse monga mwa lamulo lathu.

Miyezi inadutsa. Kunayamba kutentha, Ramadani inalowa. Amake mapasa ankabwerabe kumsika, milomo itauma ndi kusala, koma nthabwala ya kabokosi anaisiya. Ndikamachokera ku positi ankayang'ana kumbali. Ine ndinkagwada m'mawa uliwonse n'kumauza Ambuye kuti, Inu amene mumamva kulira kwa osiyidwa, tumizani mawu. Sindinkadziwa kuti ndikupempha chinthu chomwe anatumiza kale, ine n'kuchibweza ndi manja anga.

Kutatsala masiku asanu kuti kusala kuthe, ndinatsegula bokosi n'kupeza envelopu yaikulu ya khaki. Panalibe dzina la munthu. Panalembedwa kuti, Kwa osunga kiyi wa bokosi la mpingo. Ndinaitsegulira pakhonde pa positi pomwepo. Mkati munali kapepala kong'amba m'kope, ndi kalata ija. Ndinaizindikira nthawi yomweyo, ngakhale inali itada ndi manja a anthu, ngodya zitapindika.

Kapepalako kanali kolembera ine. Wolembayo anapepesa kaye pondivutitsa, iye wosakhala wa mpingo wathu. Anati keyala yokha ya kumudzi yomwe ankaikumbukira inali nambala yolembedwa pachikwangwani cha tchalitchi chathu, poti ankadutsapo tsiku lililonse popita kumunda. Anati pa envelopu analemba dzina la m'kaundula wa kusukulu, poganiza kuti a positi salandira mayina a kumudzi. Pomaliza analemba kuti, "Chonde, mayi ameneyu ndi amake mapasa, amagulitsa tomato pa Ulongwe."

Ndinakhala pansi pasimenti. M'Malemba muli mdzakazi wina amene analira m'chipululu, madzi atamuthera, mwana wake ali pafupi kufa, pomwe chitsime chinali pambali pake. Nkhani imeneyo ndinaiphunzitsapo amayi anzanga kangapo, ndipo nthawi zonse ndinkadziika pamalo pa mayi wolirayo. Tsiku limenelo ndinaona kuti ine ndinali munthu wokhalira chivundikiro cha chitsimecho.

Nditayang'anitsitsa envelopu yakaleyo, mantha ena anandigwira, mantha okoma aja amene amakugwira ukazindikira kuti suli wekha. Panali chidindo cha ku Joni cha tsiku lomwe inanyamuka. Panali cha kuno cha tsiku lomwe inafika, ndi china cha tsiku lomwe ndinaibweza. Kumbuyo, keyala ya wotumiza inali itakhwatchidwa ndi cholembera chofiira, ndipo dzanja lina linalemba keyala ina ya mzinda wina. Pansi pake dzanja lachitatu linawonjezera nambala ya nyumba ndi pensulo. Ndiye kuti pobwerera sinamupeze pomwe ankakhala. Munthu wina wosatidziwa, wosadziwa za mapasa kapena za amjomba, anaima n'kufunsa kuti mlendo uja anasamukira kuti. Wina anainyamulanso. Akanaiponya m'dzala palibe akanawafunsa.

Ndinalowanso mkati n'kuwaonetsa bambo a magalasi aja. Anaigwira ngati dzira, akuwerenga zidindo chimodzichimodzi ndi chala.

"Ichi n'changa," anatero. "Enawa sindiwadziwa, koma ndi anzanga."

Amake mapasa sanabwere kumsika tsikulo. Ndinasiyira mnzanga wina nandolo wanga, n'kukwera kabaza dzuwa lili paliwombo. Ndinawapeza pakhonde akusankha mpunga wa chakudya chomasulira kusala. Amjomba awo, bambo wamtali wa ndevu zoyera, anali pamkeka pansi pa mtengo wa mango, akusoka chikwama cha njinga. Ndinagwada n'kuwapatsa moni, iwo anandiyankha mwaulemu koma modabwa.

Kwathu kuno mayi wa ana sumutchula dzina lake la ubwana pamaso pa akuluakulu. Choncho ndinangotambasula envelopu ija n'kuloza.

"Anzanga, dzina ili mukulidziwa?"

Anasiya sukulu ali aang'ono, koma dzina lawo ankatha kulizindikira. Lichero linapendekeka, mpunga n'kutayikira pansi.

"Wakuuzani ndani limeneli? Ngakhale ana anga salidziwa. Ndinalisiya ku chinamwali."

"Alipo mmodzi amene sanalisiye."

Anaigwira kalatayo ndi manja awiri, osaitsegula. Kenaka anandibwezera.

"Werengani inu, achemwali. Maso anga sakuona."

Ndinawerenga mokweza, amjomba atasiya kusoka. Zina zinali za awiriwo, ndipo sindizilemba pano. Koma mutu wake unali woti bamboyo anagwidwa chifukwa chosowa mapepala, anakhala m'chitolokosi miyezi yambiri, ndipo atatuluka anadwala chifuwa mpaka kulephera kuyenda. Kabuku komwe analembamo makeyala kanasowa pomwe anagwidwa paja. Tsopano anali atachira, akugwira ntchito yosoka matenti. Anafunsa ngati mapasa ayamba kulankhula. Anapempha mkazi wake kuti asatope, ndipo anapempha amjomba, powatchula mwaulemu wonse, kuti amusungire banja lake.

Amake mapasa ankangoti, "Alihamudulila, alihamudulila," kuyamika Mulungu, misozi ikugwera mumpunga.

Amjomba anakhosomola.

"Amayi, musandiyese wouma mtima. Mwana uyu ndi wa mlongo wanga, ndamuona akuvutika zaka ziwiri. Munthu akamva kuti mkazi wake akutengedwa, amatha kulemba zokoma dzulo lomweli. Wina anamutsina khutu ameneyu."

"Bambo, taonani tsiku lomwe lili pachidindo ichi."

Anapukuta manja, anaitenga envelopuyo n'kuitalikitsa ndi maso. Manambala ankawadziwa bwino. Anawerenga miyezi pa zala, kubwerera m'mbuyo, milomo ikugwedera. Anawerenganso kachiwiri.

"Apa n'kuti ndisanalankhule za kwa shehe."

"Eya, bambo."

"Nanga inali kuti nthawi yonseyi? A positi anaigonera?"

Apa mpomwe panali povuta. Kukanakhala kosavuta kuvomera, poti aliyense amadziwa kudandaula za positi, ndipo palibe akanatsutsa. Koma zidindo zinali m'manja mwawo, ndipo Iye amene amaona zobisika anali pomwepo pansi pa mango.

"Iyayi, bambo. A positi anaifikitsa m'sabata zitatu. Inakhala ndi ine mwezi wathunthu, m'chikwama ichi. Ndinkaiitana m'tchalitchi, osaganiza kuti mwini wake angakhale wa kumzikiti. Kenaka ndinaibweza ku Joni ndi manja angawa. Wolakwa ndine."

Nkhuku zinayamba kutola mpunga uja, palibe anaziingitsa. Amake mapasa anayang'ana chikwamacho nthawi yaitali.

"Chomwechi? Chomwe ndinkatsamira chija?"

"Chomwecho."

Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo akanakhala ndi chifukwa. Koma anayamba kuseka, kuseka kosakanikirana ndi kulira, mpaka kugwira m'mimba.

"Achemwali inu! Ndinkakufunsani tsiku ndi tsiku ngati mwamupeza atapindidwa, inu n'kumati sangakwane!"

Amjomba sanaseke. Ankatembenuzabe envelopuyo, akuyang'ana zolemba zofiira zija ndi za pensulo.

"Kubwera, kupita, kubweranso," anatero chapansipansi. "Anthu onsewa sanatope nayo." Anaiika pamkeka mosamala. "Ngati Mulungu waiyendetsa katatu, ine ndine yani kuti ndiitseke pakhomo? Kwa shehe sitipita. Uja wa chimanga ndikamuuza ndekha mawa."

Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Inu amayi, muli ndi cholembera? Mulembereni. Mumuuze kuti banja lake lilipo, koma amjomba akufuna kuona nkhope, osati masitampa okha."

Ndinang'amba tsamba m'kope langa la nyimbo za kwaya n'kulemba nditatsamiritsa pabondo. Amjomba ananena zawo mwachidule. Amake mapasa ananena zambiri, akubweza mawu ena, kuwonjezera ena, mpaka tsamba linadzaza mbali zonse ziwiri. Anati ndilembe kuti ana akulankhula, ndipo wina ndi wamakani ngati bambo ake.

Pobwerera sindinakwere kabaza. Ndinayenda wapansi m'dzuwa lija, ndikulankhula ndi Ambuye ngati munthu amene wangopulumuka pamadzi. Ndinali nditapemphera miyezi yonse ija kuti achite chozizwitsa, ndikuganiza za zinthu zazikulu. Iye anagwiritsa ntchito bambo wa magalasi omanga ndi ulusi, munthu wa cholembera chofiira, wina wa pensulo, oyendetsa magalimoto amene sindidzawaona mpaka tsiku lomaliza. Ngakhale kulakwa kwanga sanakulole kuti kukhale mawu otsiriza.

Yankho lija ndinalitumiza m'mawa mwake. Bamboyo anafika chaka chotsatira chimanga chili m'maondo, atawonda, atanyamula chikwama chimodzi. Mapasa anamuthawa n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe, ndipo zinatenga masiku atatu kuti mmodzi alole kunyamulidwa.