Migolo Itatu ya Pageti

Dzuwa lisanafike pamalata athu ku Kolfe, Emama Tiruwork ankakhala atayamba kale ntchito pakhomo pawo, ndowa ya zinyalala ili pakati pa miyendo. Mabotolo uku, zitini uku, makoko a mbatata m'beseni la nkhosa za aneba. Zidutswa za injera, buledi wathu wopyapyala, ankaziyanika pansalu. Pambali khofi akuwira.

Mumpanda mwathu banja lililonse lili ndi chipinda chimodzi. Emama amakhala okha. Amuna awo anamwalira ine ndisanabwere, mwana wawo wamkazi ali pantchito ku Beirut, ndipo amaimba foni mwa apo ndi apo. Ntchito yosankha zinyalala palibe anawapatsa. Anangoyamba okha, n'kumagulitsa mabotolo ndi zitini kwa bambo wina amene amayenda ndi thumba akukuwa mumsewu.

Ukapita ndi ndowa yako unkadikira kuti akhuthule. Ndiye ungadikire chiimirire? Ankakukhazika pansi n'kukupatsa kapu ya khofi.

"Make Natnael, zitini za nsomba zonsezi?" ankandifunsa. "Mwamuna wako wakwezedwa pantchito, kapena kuphika unaiwala?"

"Emama, inu ndowa ya munthu mumaiwerenga ngati nyuzipepala."

"Nanga ndiwerenge chiyani? Sukulu ndinangoiona kunja."

Nyengo ya mvula itayamba, eni mpanda, Gash Wondimu, anabweretsa migolo itatu n'kuiimika pageti: wa mabotolo, wa zitini, wa zoola. Anatiitana tonse.

"Emama akula, tiyeni apume," anatero. "Aliyense azisankha yekha. Zogulitsa zikhalabe zawo."

Tinawomba m'manja. Emama nawo anawomba.

Zinayendadi bwino. Ntchentche zinachepa. Munthu unkataya popita kukakwera basi, osakhotanso. Loweruka Emama ankakatenga mabotolo osankhidwa kale, n'kubwerera m'chipinda. Fungo la khofi ndi lubani linazimiririka mumpandamo, koma nthawiyo mwana wanga Natnael ankamera mano, mutu wanga unali kumeneko.

Tsiku lina masana ndinapita kukabwereka sefa. Chitseko chinali chotseka. Ndinawapeza atakhala pabedi, manja ali pamiyendo, zikhadabo zoyera bwino. Mphika wa khofi unali pamwamba pa kabati, utachita fumbi.

"Emama, mwadwala?"

"Ayi, ndikupuma. Si munati ndipume?" Anaseka pang'ono. "Ndapuma mpaka msana ukuwawa."

"Nanga khofi bwanji?"

"Ndimwe ndi ndani, khomali? Khofi samwa munthu yekha, iwe ukudziwa."

Ndinawauza kuti ndizibwera kudzacheza nawo. Anapukusa mutu.

"Ubwera mawa, ubwera mkuja, kenako mwana watentha thupi, kenako zovala zachuluka. Sindikukunena. Komanso sindifuna munthu wodzandizonda ngati ndili m'chipatala. Wobwera ndi ndowa sachita kukumbukira. Ndowa ikadzadza imamutuma yokha."

Ndinawakumbutsa za sefa. Anadzuka pang'onopang'ono, n'kupeza sefa ija kuseri kwa mbale. Pondipatsa sanaisiye msanga. Anayang'ana kaye kuchitseko, n'kutsitsa mawu.

"Mwana wanga, ndowa yako usamaikhuthulire m'migolomo. Uzibwera nayo kuno chisakanizire, osachotsamo ngakhale botolo. Gash Wondimu akafunsa, uziti Natnael sakukupatsa mpata."