Mukadwala, woyamba kudziwa ndani?

Lachiwiri lapitali mdzukulu wanga Asiyatu, amene akuphunzira za unamwino ku Blantyre, anandikhazika pamkeka, pepala lili m'manja. Akuti aphunzitsi awo awatuma kukafunsa okalamba mafunso, chifukwa matenda ena sayambira m'thupi, amayambira m'mene munthu akukhalira pamudzi.

Ndinaseka mpaka nkhuku zinabalalika. Ine amene ndinakoka khoka kuyambira ku Ngala mpaka kuno ku Boma osagonekedwapo m'chipatala, andiphunzitse za matenda mwana amene ndinkamuzula matekenya?

"Funsa," ndinatero.

Madzi akumwa? Pachitsime. Chimbudzi? Chilipo, chofolera bwino. Ndiwo? Usipa, kampango akapezeka. Ndinkayankha mokweza kuti aphunzitsi akewo amvere ku Blantyre komweko.

"Agogo, mukadwala, woyamba kudziwa ndani?"

"Mudzi wonse!"

"Dzina, agogo. Pamzerepa pakufunika dzina."

Mzerewo unatsala wopanda kanthu.

Anzanga owerenga, kale limeneli likanakhala funso lachibwana. Pakhoka aliyense anali ndi malo ake pachingwe. Ine ndinkagwira kumbuyo kwa a Chirwa, Mtonga wamakani uja. Ukasowa m'mawa chingwe chinkalemera pamalo pako, ndipo nsomba zisanagawidwe anthu afika kale pakhomo: "Odi! Wafa kapena ndi ulesi?" Gawo lako lili m'manja mwawo. Ukakhala kuti wathodoka, ankakunyamula pamachira. Ndipo mkazi wanga, Abiti Jafali, ankadziwa chifuwa changa ndisanatsokomole n'komwe.

Lero? Abiti anatsogola. Ana ali ku nzimbe ku Dwangwa, wina ku Lilongwe. Khoka ndinaleka, mawondo anakana. A Chirwa alipo, kuseri kwa mitengo ya mango, koma sitinalankhulane chikanganirane za malire a munda wa mpunga. Ananditi ndimalira ngati mvuu. Ndinawayankha zoposa pamenepo.

Mwezi watha malungo anandigoneka masiku atatu. Zoyamba kudziwa zinali mbuzi, poona kuti khola silikutsegulidwa. Zimenezi Asiyatu sindinamuuze, koma mwanayo ali ndi maso a agogo ake aakazi.

"Mzerewu ukakhala wopanda dzina," anatero, "ndiwauza amalume adzakutengeni, muzikakhala ku Lilongwe."

Ku Lilongwe! Kopanda nyanja. Nanga manda a Abiti azilimira ndani?

Zipatala tikumanga, n'zabwino, sindikukana. Koma jakisoni amabaya amene wafika. Nanga womufikitsa? Tilipo angati m'mbali mwa nyanja muno amene timati "ndadzuka bwino" kwa mbuzi zokha? Khoka sakoka mmodzi, abale. Thupi nalonso n'chimodzimodzi.

Lachitatu m'mawa ndinavala chikhoti changa, ndinadutsa mango aja, n'kuima pakhomo pa a Chirwa.

"Odi! Mwafa kapena ndi ulesi?"

Mawu ofooka anachokera m'katimo: "Mvuu yatuluka m'madzi. Kankhani chitseko, inu."

Ndinawapeza ali gone, mwendo utatupa ngati mtondo, sabata yathunthu, wodziwa palibe. Za malire sitinatchule. Ndinaitana Asiyatu, anawatsuka bala la pamwendopo, ndipo tinawakweza pangolo kupita kuchipatala, ine ndikuwakalipira njira yonse.

Pamzere paja mwanayo analembapo dzina la a Chirwa. Atanditembenuzira pepala, ndinaliwerenga ndekha, chilembo chimodzichimodzi.

Nanga inu, pamzere wanu mulembapo ndani? Musanditchulire mudzi. Dzina.