Nyumba ya ku Matundo pa Kompyuta

Nkhondo itatha, aliyense mu Tete ankamanga, ndipo patapita zaka ine ndinapeza ntchito mu ofesi ya womanga nyumba wina. Ndinkajambula nyumba pa kompyuta, zooneka ngati ungalowemo, n'kuikamo mipando, mabedi ndi makabati. Ndinkadzitama nazo. Mpando wanga sunkayandama m'malere ngati ya anzanga. Miyendo yake inkagunda pansi, mthunzi n'kugwera mbali yoyenera.

Tsiku lina kunabwera bambo ena a ku Angónia, ogulitsa mbatatesi, amene ankamanga ku Matundo, tsidya la Zambezi. Iwo anabwerera kuno mtendere utangofika, koma akazi awo anatsalira ku Malawi, ndipo zaka zonsezo ankakana kuwoloka malire. Bambowo ankafuna chithunzi cha m'nyumbamo choti akawaonetse, mwina mtima n'kufewa.

Ndinakonza chipinda chokongola, chilichonse pamzere. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kupukusa mutu.

"Achimwene, muno simukhala munthu. Muno ndi m'loja mogulitsa mipando."

Kunena zoona ndinapsa mtima. Masiku atatu onse ndikuchivutikira, ndiye ogulitsa mbatatesi adzandiphunzitse ntchito? Koma anakoka mpando n'kukhala pambali panga. Anati bedi ndilichotse pawindo, chifukwa chiyambire nkhondo mayiwo sagona pafupi ndi windo. Makina osokera akhale pamene kuwala kwa m'mawa kumafika. Mipando isayang'anizane ngati kukhoti, umodzi upotoloke pang'ono, ngati munthu wangodzukapo. Mtsuko wa madzi ukhale pakona, chikho chitavundikiridwa pamwamba. Mtsuko mu kompyuta munalibe, ndinachita kuuumba ndekha tsiku lathunthu, iwo akundiseka kuti khosi lake ndi la botolo.

Titamaliza ndinawasindikizira chithunzicho papepala, iwo n'kumachiyang'ana akusisita chipewa chawo pabondo. Ndinawamvera chisoni, ndipo manyazi anandigwira.

Patapita milungu iwiri anabweranso, pepala lija litapindikapindika. Akazi awo analibweza osanena kuti abwera kapena ayi. Koma pakhoma lakuseri, pamene ine ndinaimika kabati, anali atajambulapo khomo ndi cholembera, laling'ono, lokhotakhota, lotulukira kutchire.

Ndinafunsa ngati ndiye kuti akana.

"Ayi, abwera," anatero. "Akungofuna pothawira. Sunthani kabatiyo."