Mmene Mayi Thériault Anasamutsira Mdani Wawo ndi Poto

Mayi Ghislaine Thériault a mumsewu wathu kuno ku Montréal anabadwa ndi mphatso ziwiri: kusoka kolala ya malaya ndi kusunga chakukhosi. Yoyambayo anaigwiritsa ntchito zaka 34 mufakitale ya zovala mpaka anapuma. Yachiwiriyo sadzapuma nayo, ndipo akadzamwalira tidzawaika nayo m'bokosi lapadera chifukwa m'limodzi siingakwane.

Iwo amakhala m'chipinda cham'mwamba. Pansi pawo pankakhala Bambo Réjean Bouthillier, amene kale ankagawa makalata, munthu wokonda tomato wake ndi bata basi. Mayi Thériault akagwetsa singano, bamboyu ankagogoda siling'i ndi tsache. Zimenezo Mayi Thériault anapirira. Koma Lolemba lina mayiwa atayanika zovala pachingwe chawo cha kukhonde lakuseri, madzi anadonthera tomato. Bambo Bouthillier anakwera makwerero n'kudula chingwecho, phwi! Zovala zonse pansi, kupatula chovala chamkati chimodzi cha maluwa a pinki, chachikulu ngati tenti ya ukwati. Chimenecho chinauluka, chinadutsa madenga atatu n'kukatera pagalasi la galimoto ya wansembe. Wansembeyo anabwera nacho yekha atachipinda bwinobwino, maso ali kumwamba.

Tsiku limenelo Mayi Thériault analumbira pali manda a amayi awo kuti munthuyu adzachoka panyumbapo iwo akadali ndi mano.

Chaka chinatha osapeza pomugwira. Kenaka mu 2012 ophunzira anayamba kunyanyala chifukwa cha fizi ya kuyunivesite, boma n'kukhazikitsa lamulo loti gulu lalikulu likafuna kuguba liziyamba lauza apolisi njira yodutsa. Anthu anayankha ndi ziwiya za kukhitchini. Ikangokwana 8 koloko madzulo, aliyense ankatuluka ndi poto ndi supuni, n'kumaguba osauza munthu kolowera.

Mayi Thériault za yunivesite analibe nazo ntchito. Sukulu anaisiya ali ndi zaka 14 ndipo sanaisowepo. Amene anawakoka ndi mnzawo wa kalekale, Fernande Cloutier, yemwe anafika ndi kansalu kofiira pachifuwa, chizindikiro cha ophunzirawo.

"Iwe Ghislaine, tatuluka! Dziko likupsa iwe ukuonera wailesi yakanema?"

"Lizipsa. Mawondo angawa si aboma."

"Ukumanidwa zokoma mwali. Dzulo phokoso lake mpaka mdala wa pansi pakoyu anatuluka atadzitseka m'makutu, nkhope ngati wameza mavu."

Mayi Thériault anazimitsa wailesi.

"Wati ndani?"

"Bouthillier."

"Fernande, ndipatse kansaluko. Ana athu akuvutika."

Anatsitsa poto amene anasiyiridwa ndi amayi awo, wophikira supu wa nsawawa wa anthu khumi ndi anayi, wakuti mwana akagweramo mpaka kuitana ozimitsa moto. Atamumenya kamodzi ndi chipande, nkhunda za mumsewu wonse zinasamukira kuchigawo china, ku Ontario.

Tsiku loyamba anaguba kumbuyo, akuphunzira. Ndipo anatulukira chinsinsi chimene akuti aphunzitsi a zandale sachidziwa: gulu lopanda mtsogoleri, lopanda njira, limatsata msana wa amene ali kutsogolo. Akakhota, onse amakhota. Tsiku lachiwiri Mayi Thériault, mawondo atachira mozizwitsa, anali kutsogolo.

Anatsogolera anthu mazana atatu kudutsa pazenera la Bambo Bouthillier. Anakhotera kumanzere, kumanzerenso, n'kulowa nawo kanjira kakuseri, pomwe panali zenera la kuchipinda chogona. Anatulukira kutsogolo. Anayambanso.

Wophunzira wina wandevu, amene ankaoneka kuti wawerenga mabuku onse olemera, anawathamangira.

"Pepani mayi, koma pano tadutsapo kachitatu."

"Ndiye?"

"Timati mwina tipite kumsewu waukulu."

"Kumene apolisi akutidikira? Taganiza ndevu iwe. Wapolisi wake uti angaganize kuti tibwerera pomwe tachoka?"

Mawa lake mbiri inali ponseponse kuti kuli mayi wina katswiri wozunguza apolisi. Anthu anafika mazana asanu. Wina anabwera ndi chivundikiro cha mgolo wa zinyalala.

Tsiku lachisanu ndi chinayi Bambo Bouthillier anatuluka atavala masilipasi, thonje likulendewera m'khutu.

"Mayi Thériault! Inu mungatchule n'komwe dzina la nduna imene mukuikuwizayi?"

"Amene ndikumukuwiza ndikumudziwa bwino, bambo. Ndi adiresi yomwe."

"Ndiitana apolisi!"

"Aitaneni. Muwauze kuti kuli nkhalamba ikutsuka poto."

Khamu linaombera m'manja, likuyesa kuti ndi nkhani ya ufulu wa anthu.

Tisawanamizire, Mayi Thériault amavomera kuti zionetserozo zinawakhudza. Akuti anthu amene anakhala nawo mumsewu umodzi zaka makumi awiri osapatsana moni anayamba kuitanana mayina. Anadziwa kuti mtsikana wa pagolosale amaphunzira unamwino masana n'kumagulitsa madzulo, ndipo zinawapweteka. Tsiku lina atacheuka n'kuona mapoto akung'anima mpaka kumapeto kwa msewu, makanda pamapewa, agogo m'makonde akumenya tiketulo, msozi unatsika. Anaupukuta msanga chifukwa anali atatsala pang'ono kufika pazenera lija, ndipo pamenepo pankafunika manja onse awiri.

Pakati pa June, Fernande anakwera masitepe akupuma wefuwefu.

"Bouthillier wagonja mwali! Akusamukira kwa mchemwali wake ku Rosemont, mumzinda momwe muno. Pa 1 July!"

Mayi Thériault anapsompsona poto uja.

Pa 1 July, tsiku limene mapangano a lendi amatha kuno ndipo anthu amasamuka, monga mwa chaka chilichonse, theka la mzinda linali pamsewu ndi matiresi. Mayiwa anadzuka m'mamawa, anavala diresi la ku Misa, anakhala pakhonde ndi khofi kuti aonere bwino. Mabokosi a Bambo Bouthillier anali panja. 9 koloko inadutsa. 10 koloko inadutsa. Lole osaoneka. Kenaka anamva bamboyo akuuza mwini nyumba pakhomo kuti kampani ya lole yalonjeza anthu atatu lole imodzi, ndipo ina sipezeka mpaka sabata yamawa.

"Musadandaule Bambo Bouthillier," anatero mwini nyumba. "Wolowamo sindinapeze, aliyense akuthawa phokoso. Bwezani mabokosi, tisainirane chaka china."

"Mwina ndi chifuniro cha Mulungu," anayankha bamboyo, n'kunyamula bokosi loyamba kubwerera nalo mkati.

Khofi anawatsamwa Mayi Thériault. Chaka china! Phokoso lawo lomwe ndi limene linkamusunga munthuyo! Analowa m'khitchini, anatuluka ndi poto, n'kumumenya 11 koloko m'mawa dzuwa likuswa mtengo.

Anthu anali atazolowera ngati ng'ombe za padibi. Zitseko zinatseguka, anthu n'kutuluka ndi mapoto, ena thovu la sopo lili kumaso.

"Kwagwanji mayi?" anafunsa wandevu uja. "Lamulo lina?"

"Choposa lamulo! Mnzathu, nkhalamba yopanda mphamvu, amutaya a kampani. Tingoyang'ana? Umodzi uja unali wa pakamwa?"

"Ayi!" linabangula khamu.

"Ikani mapoto pansi. Nyamulani!"

Bambo Bouthillier sanapatsidwe mpata wotsegula pakamwa. Bokosi lija analandidwa lili m'manja. Filiji anaikweza pangolo ya njinga, bedi linayenda pamitu ya ophunzira zamalamulo anayi, sofa inanyamulidwa mwini wake atakhalapo. Mayi Thériault analowa komaliza kukaona ngati mwatsala kanthu koti angadzabwererenso. Anazula ndi msomali wa kalendala womwe.

Pamphambano galimoto ya apolisi inawatsekera.

"Mayi, gululi lalowera kuti? Kapena mukana kunena ngati masiku onse?"

"Lero ndinena, mwanangu. Lemba." Anatchula msewu, nambala ya nyumba, ndi mtundu wa chitseko. "Ndipo utsogole ndi magetsi akowo, tisachedwe."

M'mbiri yonse ya zionetsero za mapoto, limeneli ndi gulu lokhalo la mumsewu wathu limene linamvera lamulo.

Ku Rosemont, katundu atalowa yense, Bambo Bouthillier anachita mwambo wa tsikuli: anaitanitsa pitsa ndi mowa wa onyamula. Kenaka anaima pamaso pa Mayi Thériault.

"Mayi, ine ndinkayesa mumadana nane."

"Ine? N'chifukwa chiyani, bambo?"

"Zimene mwandichitira lero... ndizibwera Lamlungu lililonse kudzakuonani."

"Musavutike! Mtunda umenewu pamsinkhu wanu? Ine sindingalole."

Mayi Thériault anadya zidutswa zisanu za pitsa, akusankha za nyama yambiri. Atatero anakokera pambali mchemwali wa bamboyo, mayi wowonda amene ankayang'ana mabokosi m'nyumba mwake ngati akuyang'ana maliro.

"Ndiye achimwene anuwa akhala nanu mpaka liti?"

"Akuti mpaka imfa," anayankha mayiyo akuusa moyo.

Mayi Thériault anawasisita paphewa mwachifundo, n'kutenga chidutswa chachisanu ndi chimodzi.